Ndani wina wa mbiri ya Africa anagona m'manda a ku London?

Abale ndi alongo, ndithandizeni. Ndikusonkhanitsa mayina a anthu otchuka amene anaikidwa m'manda a ku London, makamaka amene moyo wawo unakhudza Africa.

David Livingstone ndamupeza kale. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, m'dziko lomwe lero ndi Zambia, ndipo mtima wake anaukwirira komweko patsinde pa mtengo. Thupi lake antchito ake Susi, Chuma ndi anzawo analinyamula mpaka kugombe la nyanja yamchere, kenako linakaikidwa ku tchalitchi cha Westminster Abbey mu 1874. Ku manda a Highgate kuli Karl Marx, amene anamwalira mu 1883, koma ameneyu ndiye aliyense amamutchula.

Ine ndikufuna oiwalika aja. Kodi alipo anthu a ku Africa, mafumu kapena omenyera ufulu, amene anafera ku London n'kuikidwa konko? Amene mukudziwa, chonde ndiuzeni dzina, chaka chomwe anamwalira, komanso manda ake, kaya ndi Kensal Green kapena ena.