Digiri ya fizikisi, ntchito zake ndi ziti kuno kwathu?

Abale ndithandizeniko maganizo, mutu wandiima. Ndine mnyamata wa kuno ku Linthipe, MSCE ndakhoza bwino ndithu makamaka fizikisi, kemisitiri ndi masamu, ndiye pa fomu ya NCHE yofunsira malo ku mayunivesite a boma ndikufuna ndiike BSc ya ku UNIMA ku Zomba kuti ndidzatenge fizikisi. Koma amalume akuti mphwanga zimenezo mathero ake ndi choko basi, bola unesi kapena injiniyaring'i ku MUBAS. Poti fizi adzalipira ndi iwowo ndi ndalama ya mbatatesi, sindingawayankhe mwamwano.

Ine chidwi chinayamba ndi kasola ka pakhomo pano, batire inkangofa pofika 8 koloko usiku, ndinamasula mawaya onse mpaka ndinapeza kuti kontirola, kabokosi koyang'anira kutchaja kwa batire, ndi imene yapsa, amayi atandikalipira kale kuti ndiotcha nyumba kkkk. Kenako ndinadutsa ku Golomoti n'kuona mapanelo a sola aja a 20 MW okhala ndi mabatire osunga magetsi, eeh ndinangoti kakasi.

Ndiye inu amene munadutsamo, amene amayendetsa malo ngati amenewo, kapena ku EGENCO, ku Malawi Bureau of Standards, kaya a zanyengo, amalemba wa fizikisi kapena amafuna mainjiniya okhaokha? Nanga makina a radiation ochizira khansa aja, munthu amayambira digiri yomweyi? Komanso masamu a chaka choyamba akuti amagwetsa anthu, ndi zoona? Amalume abwera Loweruka, ndikufuna adzandipeze ndili ndi chowauza.