Kodi ululu wa mumtima ungayezedwe ndi nambala?

Wophunzira uphungu:
Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a uphungu, ndipo pali nkhani ikundisowetsa tulo. Mayi wina amene ndakhala ndikucheza nawo anayankha mafunso a PHQ-9 (pepala la mafunso 9 loyezera matenda okhumudwa, pomwe nambala yokwera imasonyeza vuto lalikulu) tsiku loyamba n'kupeza 19 mwa 27. Patatha milungu 6 anapeza 8. Papepala ndiye kuti apeza bwino. Koma tsiku lomalizalo anakhala duu, akupotokola mpango m'manja, kenako anati, "Tulo ndikugona tsopano, koma mwana wanga sabweranso." Nanga 8 ameneyu akuyeza chiyani? Akuluakulu, kodi kafukufuku wa sayansi angafike mumtima mwa munthu, kapena tikungodzinamiza?

Phungu wopuma pantchito:
Mwana wanga, funsoli si lalero. Mu 1952 katswiri wa za maganizo Hans Eysenck analemba kuti mwa anthu atatu ovutika ndi nkhawa, awiri amapeza bwino m'zaka ziwiri, kaya alandire uphungu kaya ayi. Aphungu zinawawawa, koma kukwiya sikunamuyankhe. Anamuyankha ndi ofufuza awiri, Smith ndi Glass, mu 1977, ataphatikiza zotsatira za kafukufuku 375: wothandizidwa amakhala bwino kuposa anthu pafupifupi 75 mwa 100 osathandizidwa.

Namwino:
Ine chimandiopsa ndi chifundo chosayesedwa. Kale tinkakhazika pansi opulumuka pangozi, patangopita tsiku limodzi kapena awiri, kuti pa kucheza kumodzi kokha afotokoze zonse zimene anaona. Ankatithokoza, ena mpaka misozi, ife n'kumati tagwira ntchito. Ofufuza atayerekeza ndi amene sanachitidwe zimenezi, anapeza kuti njirayi siteteza munthu ku zoopsa zobwerabwera m'maganizo, ndipo ena imawawonjezera ululu. Ndinachita nawo zimenezo ndi mtima wonse. Ndi maso angawa sindikanadziwa kuti ndikulakwa.

Wokayika:
Musaukweze kwambiri kafukufukuyo. Mu 2015 ofufuza anabwereza kafukufuku 100 wa psychology (maphunziro a za maganizo a munthu), ndipo zotsatira zomveka zinatulukanso pa 36 okha.

Namwino:
Zoona, achimwene. Koma anatulukira vutolo ndani? Si ofufuza omwewo?

Wophunzira uphungu:
Zikomo nonse, makamaka anamwino, mwandigwira mtima. Ndabwereranso pa pepala lija. Likufunsa za tulo, kudya, kutopa ndi maganizo ofuna kudzivulaza m'masabata awiri apitawa. Za maliro silifunsa. Mayi aja poyamba anavomera funso lomaliza lija, la kufa. Ulendo uno analemba 0. Ndidzawapatsanso pepalali pakatha miyezi itatu, koma tisanalitsegule ndidzayamba ndawafunsa za mwana wawo, chifukwa mpaka pano dzina lake sindinawafunse.