Kayak yowedzera: ndigule kapena ndizingokwera bwato ku Mangochi?

Wa ku Chilomoni: Abale a mu gulu muno, ndithandizeni maganizo. Pali mkulu wina ku Namiwawa akubwerera kwawo ndiye akugulitsa katundu, ndipo pakatundupo pali kayak yowedzera, kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi. Ndi ya pulasitiki wolimba, ija munthu amakhala pamwamba, osati yolowetsa miyendo mkati. Kutalika mamita 3.6, m'lifupi masentimita 84. Ili ndi mabowo awiri oimikamo ndodo, ndipo nkhafi ndi mpando akupereka limodzi. Mtengo wake, nditangowonjezera pang'ono, ndi njinga yamoto yakale ya kabaza. Mayi akunyumba sindinawauze.

Wa ku Ndirande: Achimwene, muzikaiyendetsa kuti? Mu Mudi?

Wa ku Chilomoni: Aise, ndikunena za kunyanja. Ku Mangochi ndimapitako.

Wa ku Ndirande: Mumapitako pa Khirisimasi ndi pa Isitala. Kawiri pachaka. Masiku ena onsewo chinthucho chidzakhala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira.

Malume a ku Bangwe: Musamugwetse mphwayi mwanayu asanamve zonse. Ine ndinakulira ku Monkey Bay, nkhafi ndinaigwira ndisanadziwe kulemba dzina langa. Bwato lathu logoba lija ndi lolemera, kukamwa kwake n'kopapatiza, mumakhala pamilomo pake miyendo ili mkati, ndipo munthu wa m'tauni akangokwera limayamba kugwedezeka ngati lamuzindikira. Kayak ya masentimita 84 ndi yotakasuka ndithu. Pamadzi abata mutha kutembenuka, kutola nyambo kumbuyo, kukoka kampango, osagubuduka. Pamenepo sindikutsutsa.

Mayi a ku Nyambadwe: Malume anena zoona, koma pali mbali ina imene ogulitsa sanena. Ine ndapalasako kangapo ku Cape Maclear, zobwereka. Kukhazikika kwa kayak kuli pawiri. Pali kumene mumakumva mukangokwera pamadzi ogona, ndiye pali kumene kumakugwirani ikapendekeka. Ya pansi pathyathyathya imakhala ngati mwakhala pamkeka, koma imatsata madzi: funde likaimenya cham'mbali, nayo imapendekeka limodzi ndi fundelo, ndipo ikadutsa malire imakutayani mosachenjeza. Ya pansi pobulungira imaopsa poyamba, imanjenjemera, koma mukaipendeketsa imakana kugwa. Ndiye mukapita kukaiona itembenuzeni, muone kunsi kwake. Zowedzera zambiri amazipanga ndi mizere kapena timapiri tiwiri m'mbali kuti zikhale pakatikati.

Wa ku Chilomoni: Zikomo mayi. Ine ndimangoona kukongola kwa pamwamba.

Mayi a ku Nyambadwe: Muonenso nambala ya kulemera kumene imanyamula, imalembedwa pathupi pake kapena m'kabuku. Nambalayo si yoti muifikire. Inuyo, ndodo, madzi akumwa, bokosi la ayezi ndi nsomba, zonse pamodzi zisapitirire magawo atatu mwa anayi a nambalayo. Mukaidzaza imamira kwambiri, madzi amayamba kulowera m'mabowo aja amene ntchito yake ndi kutulutsa madzi, ndipo kukhazikika konse kuja kumatha.

Wa ku Ndirande: Ndiye achimwene ayambe achepetsa kanyenya wa pa Ginnery Corner.

Wa ku Chilomoni: Iwe, ndikuchotsa mu gulu.

Malume a ku Bangwe: Koma ine chondidetsa nkhawa si m'lifupi ayi, ndi mwera. Miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, mphepo imeneyi imachokera kummwera chakum'mawa n'kuwomba masiku angapo osapuma. Tsiku limene ikuyamba, m'mawa nyanja imakhala ngati galasi, mukapita patali mukusangalala, pofika masana mafunde ayera mitu. Asodzi obadwira komweko amakoka mabwato awo kumtunda. Kayak yotakasuka ndi yochedwa, ndipo poti munthu wakhala pamwamba mphepo imamukankha ngati tanga. Kubwerera kugombe mukulimbana ndi mphepo si masewera, manja amatha mphamvu. Jekete yoyandamitsa muzivala pathupi, osati kukhalira. Nkhafi muimangirire ndi chingwe. Ndipo musanapite kukuya, kaigubuduzeni dala pamadzi ofika m'chifuwa, muone ngati mungakweremonso nokha.

Wa ku Chirimba: Nanga bwanji osangopita pafupi, ku Shire? Liwonde si kutali, Chikwawa ndi pompano ukangotsika Thabwa.

Malume a ku Bangwe: Ayi ayi ayi. Mu Shire ndi kapulasitiki? Ng'ona ndi mvuu za mmenemo sizifunsa kuti m'lifupi ndi masentimita angati. Ngakhale ku Malombe ndi kumene mtsinje ukutulukira mu nyanja ku Mangochi, funsani kaye eni mudzi kuti mvuu zimagona pati.

Mayi a ku Nyambadwe: Komanso ku Cape Maclear musangoponya mbedza paliponse. Mbali ina ndi ya Lake Malawi National Park, madzi oyandikana ndi zilumba ndi otetezedwa chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola tokhala m'miyala. Madamu nawo ali ndi eni ake, mumapempha kaye.

Wa ku Chirimba: Ine ndikuona ndalama basi. Kuchoka pa Blantyre kufika Mangochi ndi makilomita pafupifupi 190, kupita kokha. Chinthu cha mamita 3.6 mu Sienta sichilowa, mufunika zitsulo za padenga ndi zingwe zabwino, ndipo kuchikweza pamwamba nokha ndi kuthyola msana, zimenezi zimaposa makilogalamu 30. Onjezani mafuta. Pamene mukafika pagombe n'kugwirizana ndi msodzi, amakutengani pa bwato lake, akudziwa pomwe pali ncheni, akudziwa kuwerenga mitambo, inu n'kumupatsa kangachepe. Mungapite maulendo angati musanafike pa mtengo wa kayak?

Wa ku Chilomoni: Masamu amenewo ndawachita, ndipo akundigonjetsa. Koma pali chinthu china. Ulendo watha msodzi amene ndinagwirizana naye anafuna kubwerera 9 koloko chifukwa anali ndi maukonde oti akasoke, pamene nsomba zinali zitangoyamba kudya. Ndimafuna ndizidzuka ndekha m'bandakucha, kupita kuseri kwa miyala, kukhala chete, osathamangitsidwa ndi munthu.

Wa ku Ndirande: Apa ndiye mwanena zenizeni. Simukugula nsomba inu. Chambo chili pa msika wa Limbe.

Mayi a ku Nyambadwe: Ngati ndi choncho, mtengo wa yogwiritsidwa kale ntchito ndi mwayi, chifukwa yatsopano kuitanitsa ku Johannesburg, kulipira thiraki, msonkho pa Mwanza, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu, simungaifike. Koma ionetsetseni. Pulasitiki ameneyu amadana ndi dzuwa: ikakhala yofwifwa ngati yathiridwa ufa, yauma, isweka. Dinani pulasitikiyo ndi chala, muone ngati akubwerera. Onani kunsi chakumbuyo komwe amaikokera pamchenga, ndi m'mphepete mwa mabowo otulutsa madzi, ming'alu imabisala mmenemo. Tsegulani chivundikiro, muunike mkati ndi tochi.

Malume a ku Bangwe: Ndipo mukagula musamayende nayo pamsewu ulendo uliwonse. Kwathu kuli shedi, mng'ono wanga angaisunge pamthunzi. Lendi yake ndi kampango mmodzi paulendo.

Wa ku Chilomoni: Malume mwandimasula. Loweruka ndikaiona, ndipo ndimuuza mwiniyo kuti sinditulutsa khobidi ndisanaikwere pamadzi. Mayi a ku Nyambadwe, tipitire limodzi mukandionere kunsiko?

Mayi a ku Nyambadwe: Ndibwera cha m'ma 10. Koma alamu athu muwauze lero, ine sindifuna kudzaitanidwa ngati mboni.

Wa ku Ndirande: Ali mu gulu lomwe lino. Munawalowetsa nokha chaka chatha, nthawi ya ulendo wa ku Mulanje.