Galimoto ya mpando wakumanzere ikukokera mbali imodzi pa Daytona

Mwini shopu, Ndirande: Abale, ndithandizeni. Makina anga a masewera othamangitsa galimoto a Daytona USA a mipando iwiri aja ndinabwera nawo kuchokera ku Johannesburg ayamba vuto. Kuyambira Lachisanu galimoto ya mpando wakumanzere ikungokokera kumanzere yokha. Mwana agwire chiwongolero mowongoka bwanji, Hornet, galimoto ya m'masewerayo, ikukakhula khoma basi. Pa Beginner sizioneka msanga poti msewu wake umakhotera kumanzere komweko, koma ukalowa msewu wovutirapo wa Dinosaur Canyon ndiye sungayendetse. Zinayamba tsiku lomwe magetsi anazima n'kubwera mwamphamvu. Dzulo anyamata awiri amene amabwera akaweruka kusukulu anakanganirana mpando wakumanja, mapeto ake onse anatenganso ndalama zawo n'kupita pa PS (PlayStation). Makinawa ndalama yake ili pa kupikisana awiriawiri, mpando umodzi ukafa ndiye afa onse.

Wa ma PS, Kawale: Pepani achimwene. Ngati magetsi anabwera mwamphamvu ndiye bodi yapita imeneyo. Ine ndikanachotsa zam'katimo, n'kuikamo PS ndi TV, mipando ikhale yomweyo.

Madala wa ma TV, Limbe: Ayi, musathamangire kuchotsa bodi. Bodi ya Model 2, yomwe imayendetsa masewerawa, ikapsa simuona galimoto ikuyenda bwinobwino chonchi, mumaona zithunzi zosweka kapena sikirini yakuda. Apa masewera akuyaka, phokoso lilipo, mipando iwiri ikuonana. Vuto lili pakati pa chiwongolero ndi bodi. Tsegulani kachitseko kandalama, dinani batani la TEST, mulowe pa INPUT TEST. Chiwongolero chikhale pakati, mutiuze nambala yomwe ikuoneka. Kenako muchizungulize pang'onopang'ono kuchoka mbali ina mpaka ina, maso pa nambalayo.

Mwini shopu, Ndirande: Ndachita madala. Mpando wakumanja chili pakati ikuwerenga 80, ndipo ikukwera n'kutsika mwadongosolo. Wakumanzere ikuwerenga 6A, koma siikukhazikika, ikungodumpha ngakhale ndisanachigwire. Ndikamazunguliza, ikafika cha pakati imalumpha manambala angapo nthawi imodzi.

Madala wa ma TV, Limbe: Basi, ndi voliyumu imeneyo. Kuseri kwa chiwongolero kuli pot, yofanana ndi ija yokwezera mawu pa wailesi, ndipo imazungulira ndi magiya. Ndi imene imauza bodi kuti mwakhotera kuti. Nambalazo ndi za hex, kawerengedwe kosakaniza manambala ndi zilembo, pakati peni peni ndi 80. M'kati mwa pot muli kanjira ka kaboni, ndipo kamatha pakati pomwe chiwongolero chimakhala nthawi zambiri. Kumbukirani kuti Sega inatulutsa masewerawa mu 1994. Ngati pot yanuyo sinasinthidwepo, yagwira ntchito zaka zoposa 30. Magetsi aja angopezana nazo, anali atatha kale.

Mayi a shopu, Mzuzu: Ndigwirizane ndi madala, koma musanagule kanthu yang'anani kaye kasikuluu komangira giya pa pot. Kwanga pa makina ena a Sega kanamasuka, giya ikuzungulira koma pot ikutsalira. Ana akagunda khoma amakoka chiwongolero ndi mphamvu zawo zonse, ndiye zinthu zimakhwefuka. Ndinataya sabata yathunthu ndikufunafuna zokagula, chonsecho kunali kungomanga.

Mwini shopu, Ndirande: Zikomo mayi. Ndatsegula, kasikuluu n'kolimba, mano a giya onse alipo. Fumbi lokha ndiye lambiri, losakanikirana ndi girisi wakale mpaka lauma ngati phula. Ndapukuta. Mawa ndilowa mu Limbe kukafuna pot. Ndingoti voliyumu ya wailesi?

Madala wa ma TV, Limbe: Apa ndiye mumvetsere bwino, chifukwa ambiri amalakwitsa pomwepa. Mukufuna ya 5K (ma ohm 5,000), koma ya linear, yokwera mofanana ponseponse. Pa zimene zimagulitsidwa kunozi muone yolembedwa B5K. Ogulitsa ambiri adzakupatsani ya A, chifukwa ndi imene imalowa mu wailesi ndi mu ampu. Ya A siikwera mofanana, mbali imodzi imayenda pang'onopang'ono, mbali inayo imathamanga. Mukaika imeneyo galimoto idzakhota mochedwa uku, kwinako ingotembenukiratu. Tengani mita yanu yoyezera zamagetsi. Yezani miyendo iwiri yam'mbali, ipereke pafupifupi 5K. Ndiye ikani shafuti pakati, muyeze kuchokera mwendo wapakati kupita mbali iliyonse, zikhale pafupifupi 2.5K uku ndi uku. Mutengenso yakaleyo m'thumba kuti muyerekeze kunenepa ndi kutalika kwa shafuti, apo ayi giya siilowa. Musanachotse mawaya jambulani ndi foni. Mukasinthanitsa awiri am'mbaliwo, mukakhotera kumanja galimoto izipita kumanzere.

Mayi a shopu, Mzuzu: Ndipo zimitsani pakhoma musanalowetse dzanja. Sikirini zakale zija zimasunga moto ngakhale mwazimitsa, musayandikire kuseri kwa chubu.

Mwini shopu, Ndirande: Ndabwerako. B5K ndinaipeza pa shopu yachitatu, awiri oyambawo anali ndi za A zokhazokha monga munanenera. Ndawotcherera mawaya, ndamasula giya, chiwongolero pakati, ndazunguliza pot mpaka 80, n'kumanga. Pa sikirini galimoto ikuyenda mowongoka tsopano, nambala siikudumphanso. Koma vuto lina latsala. M'manja chiwongolero chikulimbanabe nane, chikukokera kumanzere, ndipo pa msewu wowongoka chikunjenjemera. Ndikachisiya chimathawira kumanzere. Kodi ndiye mota yopatsa chiwongolero mphamvu yapsa?

Wa ma PS, Kawale: Ingozulani waya wa mota achimwene, chiwongolero chipepuke, ana azisewera.

Mayi a shopu, Mzuzu: Musatero chonde. Chomwe ana amasiyira PS kunyumba n'kubwera kudzalipira kwa ife ndi chimenecho, chiwongolero chikamakulimbana nawe pa kona, mnzako akakugunda n'kumva m'mikono. Mukazula, mpando wina udzakhala wamoyo wina wakufa, adzaukananso chimodzimodzi.

Madala wa ma TV, Limbe: Mota ikanapsa sibwenzi ikukoka. Pamene munatsegula paja munaona ma pot angati?

Mwini shopu, Ndirande: Awiri. Ndinasintha imodzi yomwe inkasintha nambala pa INPUT TEST. Inayo ndinaisiya poti sinkaonetsa kanthu pa sikirini.

Madala wa ma TV, Limbe: Ndi imeneyo. Ndikanakuuzani poyamba pomwe. Yachiwiriyo siipita ku masewera, imapita ku drive board, bodi yoyendetsa mphamvu ya chiwongolero. Nayo imafuna kudziwa pakati. Panopa masewera akudziwa kuti muli pakati, koma drive board ikuganiza kuti mwakhotera kumanja, ndiye ikukubwezerani kumanzere. Zonse ziwiri zinabadwa limodzi, zatheranso limodzi. Gulani B5K ina, muiike pakati ndi mita monga muja, chiwongolero chili chowongoka, kenako mumange giya. Musapanikize magiya kwambiri, pakhale kampata kochepa, ndipo girisi muike pang'ono chabe. Mukayatsa, musagwire chiwongolero mpaka makina amalize kudzifufuza. Anawo muwauzenso, amakonda kukhalapo magetsi akangobwera.

Mwini shopu, Ndirande: Zatheka abale! Ndinagula ziwiri dzulo lija poopa kuwononga imodzi powotcherera, ndiye yotsalayo ndi imene ndaika. Yakaleyo nditaiyeza, mita imangoduka pakati. Tsopano ndikachisiya chiwongolero chikubwerera pakati chokha. Ndayendetsa ma lap 8 onse a Beginner, kenako msewu wovuta kwambiri wa Seaside Street Galaxy ndi giya yamanja, palibe kunjenjemera. Anyamata aja abwera madzulo ano, wamkuluyo anakhala kumanzere mokayikira, atadutsa kona yoyamba anangokuwa kuti yachira. Asewera kanayi. Madala, Mulungu akudalitseni, ndikalowa mu Limbe ndikupezani.

Madala wa ma TV, Limbe: Tathokoza. Muikeko fridge guard kuti magetsi akabwera makina azidikira kaye, bodi imeneyo kuipeza n'kovuta. Ndipo mugule ma B5K ena awiri musunge m'kabati, a mpando wakumanjawo ndi a msinkhu womwewo.

Mwini shopu, Ndirande: Ndigula Loweruka. Ndiyezeratu ndi za ma pedulo, buleki ya kumanja yayamba kugwira mochedwa.