Ana odziwa kale ng'oma ndi mangolongondo akundiimitsa mutu pa piyano

Mphunzitsi wa piyano, Matawale:
Anzanga ndithandizeni, mutu waima. Ndili ndi ana awiri amene anabwera akudziwa kale zoyimba zathu. Mnyamata wakulira m'gulu la beni ndipo amayimba mangolongondo ndi amalume ake cha ku Jali, mtsikana kwawo ndi ku Nsanje, wakula ndi ulimba. Makutu awo ndi akuthwa zedi. Ndikangoyimba nyimbo kamodzi yalowa, sabata yotsatira akubwera nayo yonse, maso ali pa buku koma sakuwerenga kanthu. Ndikaloza bar (kagawo ka nyimbo pa pepala) yapakati kuti tayambira apa, zii. Makolo akufuna Grade 1 ya ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa mayeso a nyimbo, ndipo mukudziwa sight-reading, kuyimba nyimbo yachilendo poiwerenga pa pepala, ndi malikisi 21 pa 150, kuyang'ana theka la mphindi basi. China, mnyamatayu akumenya makiyi kuchokera paphewa, zala ziwiri zokha ndizo zikugwira ntchito, chachinayi ndi chachisanu zili m'mwamba. Legato, kulumikiza manotsi mosadukiza, kulibiretu. Mtsikana naye akuti noti yanga ya E sili pamalo pake, chonsecho piyano ndi ya digito. Ndichite bwanji?

Mkulu wa kwaya, Domasi:
Aphunzitsi, ayambitseni sol-fa, kuwerenga nyimbo ndi doh, re, mi. Mwana wa khutu lotere mukamupatsa d r m amawerenga msanga chifukwa zimene akuona n'zimene akumva kale m'mutu. Staff, manotsi olembedwa pa mizere isanu, ibwere pambuyo. Makwaya athu a CCAP akhala akuwerenga choncho kuyambira nthawi ya amishoni.

Woyimba kiyibodi, Chinamwali:
Achemwali, choyamba lekani kuwayimbira nyimbo asanayiwerenge. Ndipo musamale, akakhala ndi foni amakaifufuza pa YouTube usiku womwewo, ndiye bisani mutu wa nyimbo, apatseni pepala lopanda dzina. Ine ndinali ndi mnyamata wina wowomba ng'oma za manganje, anandiyimbira buku lonse loyamba, ine kusangalala. Tsiku lina mphepo inatembenuza tsamba iye osaona, anapitiriza nyimbo ya tsamba lakale mpaka kumapeto. Atafunsidwa middle C pa pepala analoza G.

Mayi wophunzitsa nyimbo, Chikanda:
Za mtsikanayo musamutsutse, akunena zoona malinga ndi kumene wachokera. Ulimba wa Asena umagawa octave, mtunda wochokera pa doh kufika pa doh wapamwamba, m'masitepe asanu ndi awiri otalika pafupifupi mofanana, lililonse pafupi masenti 171 (masenti ndi muyeso wa kutalikirana kwa manotsi). Piyano ili ndi 12 a masenti 100. Ndiye noti yachitatu ya ulimba imagwera pa 343 kapena pafupi pamenepo, pakati pa E flat wa 300 ndi E wa 400 mukayambira pa C. Kwa iye onse awiri ndi ophonya. Mukamuuza kuti khutu lake lalakwa ayamba kulikayikira, ndipo mudzakhala mwawononga chinthu chimene ana ena timavutika kuwapatsa zaka zambiri. Muuzeni kuti zida ziwirizi zinachunidwa mosiyana, aziyimba ndi pakamwa C E G pamodzi ndi piyano tsiku lililonse, adzazisunga zonse ziwiri.

Mkulu wa kwaya, Domasi:
N'chimene ndikunena amayi. Aziyimba d m s. Imeneyo ndi sol-fa.

Mphunzitsi wa piyano, Matawale:
Abambo, sol-fa amaidziwa kale onse awiri, amayimba kwaya. Ndiyo ikuwathandiza kuzemba. Akulemba d r m ndi pensulo pansi pa manotsi, kenako akuwerenga zolemba zawozo.

Woyimba kiyibodi, Chinamwali:
Ndipo akakhala ndi ka Yamaha PSR kunyumba aletseni batani la transpose. Limeneli lapha anyamata ambiri m'matchalitchi muno. Zonse amayimbira kiyi imodzi, mlaliki akayambitsa kolasi pa kiyi ina amangodina. Ndinaona wina pa ukwati cha ku Thondwe, anamukhazika pa piyano yeniyeni yopanda mabatani, mkwatibwi ali pakhomo, iye thukuta lokhalokha. Anachita kumupulumutsa amayi a kwaya poyimba pakamwa.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Malosa:
Mwana wanga, za dzanjazo musathamange. Pa mangolongondo mphamvu imachokera pa mkono, ndodo imagunda n'kudumpha, ndipo thupi lake laphunzira zimenezo kwa zaka. Mukamukakamiza ma scale othamanga tsopano aumitsa dzanja, kenako ayamba kudandaula kupweteka. Ndaonapo mwana atasiya piyano chifukwa cha zimenezi. Zala zisanu pa makiyi asanu, pang'onopang'ono, chala chisanyamuke mpaka chinzake chitatsika. Mpando muuone kutalika. Metronome, kachipangizo kosunga nthawi, musamuikire msanga, amva ngati mukumunyoza, pakuti nthawi amaisunga kuposa ambiri a ife. Chimene chidzamuvute si kusunga nthawi koma kuwerenga 1 2 3 4 mokweza, chifukwa kwathu kuno nyimbo imazungulira ndipo munthu amalowa pamene mnzake wamusiyira mpata, osati pa mzere wa bar. Mangolongondo amayimba anthu awiri moyang'anizana, wina akulowetsa manotsi ake m'mipata ya mnzake. Gwiritsani ntchito zimenezo. Muuzeni kuti dzanja lamanzere ndi amalume ake, lamanja ndi iyeyo. Kugunda katatu ndi dzanja limodzi pamene lina likugunda kawiri, zimene ana a Grade 5 amalira nazo, iye adzaziyimba tsiku loyamba. Koma musamutame kwambiri pamenepo, angaganize kuti kuwerenga kulibe ntchito.

Mayi wophunzitsa nyimbo, Chikanda:
Ngati makolo akungofuna satifiketi, ABRSM inayambitsa Performance Grades mu 2020, nyimbo zinayi pa vidiyo, popanda sight-reading ndi ma scale. Koma ine sindingalangize zimenezo kwa ana awa. Adzakhoza bwino, vuto lidzabisika, lidzatulukira nyimbo zikatalika moti khutu lokha silingazisenze.

Mkulu wa kwaya, Domasi:
Satifiketi kapena ayi, ine ndikubwereza, mwalumpha sitepe. Afufute za pensulozo inde, koma aziwerenga staff akutchula sol-fa pakamwa, doh akusuntha ndi kiyi. Mukataya sol-fa mwataya mlatho.

Woyimba kiyibodi, Chinamwali:
Madala, bass clef (mizere ya dzanja lamanzere) ndi manja awiri atchula sol-fa ya dzanja liti?

Mkulu wa kwaya, Domasi:
Dzanja limodzi limodzi. Ife tinaphunzira choncho.

Mphunzitsi wopuma pantchito, Malosa:
Pamene tili pompano, alipo akudziwa wokonza piyano amene angabwere kuno? Mvula ya Zomba ikangoyamba piyano ya kutchalitchi kwathu makiyi amatupa, atatu sakubwerera mukadina. Wina anati tiike mbaula pafupi, ndakana, soundboard, thabwa lokuza mawu mkati mwa piyano, ingang'ambike.

Woyimba kiyibodi, Chinamwali:
Mbaula ayi ndithu abambo. Ichotseni kaye pakhoma ndi pazenera. Amene ndinkamudziwa ankachokera ku Blantyre, ndifunsa ngati akuyendabe.