Ma hub aja asiya kuduka pa seva

Ndabweranso pa funso langa lija la ma hub (timakompyuta ta Raspberry Pi 4 tolandira deta kudzera pa Bluetooth) omwe ankangoduka pa seva potumiza deta ya timasensa tovala pamkono. Zikomo nonse amene munayankha.

Vuto linali pa client ID, dzina limene hub iliyonse imalowera nalo pa seva. Ma hub onse anakopedwa kuchokera pa SD khadi imodzi, choncho ankalowa pa Mosquitto, pulogalamu ya pa seva yolandira ndi kugawa mauthenga (broker), ndi dzina limodzi. Mu MQTT, njira yotumizira mauthenga imene ndikugwiritsa ntchito, wina akalowa ndi dzina lomwe lilipo kale, broker imachotsa woyambayo. Ndiye ankangothamangitsana usana ndi usiku. Panopa hub iliyonse ikutenga dzina kuchokera ku MAC address yake, nambala yapadera imene chipangizo chilichonse chili nayo pa netiweki.

Chinanso chomwe chinatulukira ndi vuto la nthawi. Raspberry Pi 4 ilibe wotchi yosunga nthawi ikazimitsidwa, moti ikayaka popanda intaneti, kugunda kwa mtima kwa lero kumalembedwa ngati kwa dzulo. Pa deta ya zaumoyo zimenezi n'zoopsa. Tsopano seva yomweyo ndiyo ikupereka nthawi ku ma hub kudzera pa chrony, pulogalamu yogwirizanitsa mawotchi a makompyuta.

Ndikutumiza pa port 8883 ndi TLS (yobisa deta kuti ena asaiwerenge panjira), pa QoS 1, imene imatumizanso uthenga mpaka zitatsimikizika kuti wafika. Chifukwa cha zimenezi, uthenga wina umafika kawiri, ndiye uliwonse ndaupatsa nambala yake.

Chatsala ndi Bluetooth. Munthu akachoka pafupi ndi hub ina kupita kwa inzake, sensa imachedwa kulumikizanso. Alipo amene anathana nazo?