Ku Likoma kumayambiriro a Sepitembala kumakhala bwanji, mwera umakhala watha?

NaPhiri_Mpondasi:
Moni abale. Mwana wanga wamkazi amutumiza kukaphunzitsa ku Likoma ndipo akuyenera kukakhala atafika sukulu zisanatsegulidwe mu Sepitembala muno, ndiye ine ndikufuna ndimuperekeze pa Ilala kuchokera ku Monkey Bay. Vuto ndi loti tonse awirife sitinapondeko kuchilumbako. Ena akuti kumatentha ngati kuno ku Mangochi, ena akuti usiku kumazizira chifukwa madzi azungulira mbali zonse. Nanga mwera umakhala utasiya nthawi imeneyi? Ine nyanja ndimaiopa, komanso mwanayu ali ndi khanda la miyezi 8. Amene mukukudziwako tithandizeni, tinyamule zotani.

Che Mdala wa ku Makawa:
Amayi, musamvere amene akukuuzani kuti mwera umathera mu Ogasiti. Mwera umayamba cha mu Meyi, umalimba kwambiri Juni ndi Julayi, koma Sepitembala akamayamba umabwerabe mwa apo ndi apo, masiku awiri atatu kenaka nkudekha. Ife asodzi timati ukutsanzika, koma kutsanzika kwake nthawi zina kumaposa kubwera kwake. Kuno kumwera inu mumaona ngati nyanja ili bwino chifukwa mphepoyo imachokera kumbuyo kwathu kumtunda, mafunde sanakule. Ikamafika pakati pa Nkhotakota ndi Likoma imakhala yayenda mtunda wautali pamadzi okhaokha popanda choitchinga, ndiye mafunde ake ndi ena. Ilala payokha ndi sitima yolimba, yakhala pa nyanjayi kuyambira 1951, koma imagwedezeka ndithu ndipo amene sanazolowere amasanza. Muzimvera a zanyengo pa wailesi masiku atatu ulendo usanafike, akalengeza za mwera musadandaule kudikira sabata ina. Ndipo malo ena sitimayo sifika m'mphepete, anthu amatsikira m'maboti ang'onoang'ono, apo ndiye khandalo likhale kumbuyo lomangidwa bwino ndi nsalu ziwiri, manja onse akhale opanda kanthu.

Mphunzitsi_Chipyela:
Ndinaphunzitsako kumeneko zaka zingapo ndisanabwerere kuno kwathu, ndiye ndiyankhe za pachilumba penipeni. Sepitembala ndi mwezi wabwino kuyambira moyo kumeneko. Mvula kulibe ngakhale dontho, imadzayamba kumapeto kwa Novembala kapena mu Disembala, ndiponso Likoma salandira mvula yambiri ngati Nkhata Bay ngakhale ayang'anizana. Masana kumatentha koma sikufika pa zija za kuno za mu Okutobala zopitirira madigiri 35 zija munthu osagona m'nyumba, chifukwa chilumbacho nchaching'ono, ma sikweya kilomita 18 okha, ndiye paliponse pamene waima kamphepo ka kunyanja kamakupeza. M'bandakucha ndi pamene pamafunika juzi, makamaka nyumba ikakhala mbali yoyang'ana kumwera. Khandalo litengereni bulangete limodzi lopepuka ndi kachipewa, basi, zambirimbiri zidzangodzaza chikwama.

Chimene chimadabwitsa mlendo ndi kuuma. Udzu wonse umakhala wofiirira, milambe ili mbuu yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, miyala yokhayokha, ndipo mango amakhala akungoyamba kumene timbewu. Utsi wa lupsa wochokera ku Mozambique umadzaza m'mwamba moti mapiri a ku Cobue, amene ali pafupi kwambiri, masiku ena amangooneka mwa chizimezime ndipo dzuwa limatuluka lofiira psuu. Ana ambiri amatsokomola nthawi imeneyi chifukwa cha fumbi ndi utsiwo, ndiye mafuta odzola ndi mankhwala a chimfine akhale nawo.

China, ufa. Nthaka ya kumeneko ndi ya mchenga ndi miyala, anthu amadalira chinangwa ndi nsomba, chimanga chambiri chimabwera pa sitima ndipo mtengo wake umapweteka. Mutengereni thumba la ufa ndi nyemba kuchokera kuno, tomato ndi masamba nazonso zimavuta m'chilimwe.

NaPhiri_Mpondasi:
Zikomo aphunzitsi, za ufazo sindinaziganizire nkomwe. Nanga udzudzu? Poti kulibe mvula ndimati mwina neti tikagula konko mvula ikayandikira.

Mphunzitsi_Chipyela:
Ayi amayi, neti ikhale pamwamba penipeni m'chikwama. Udzudzu umachepa m'chilimwe koma sutha, m'mphepete mwa nyanja malungo ndi a chaka chonse, ndipo khanda silichedwa kufooka. Chipatala chilipo cha St Peter's pafupi ndi tchalitchi chachikulu chija cha Anglican, koma bola kupewa.

Dada_wa_Usipa:
Ine ndimaoda usipa mbali imeneyo kubwera nawo kuno, ndiye ndiwonjezereko pa zimene anena a Che Mdala koma pena ndisiyane nawo pang'ono. Kudikira sabata yathunthu chifukwa cha mwera wa mu Sepitembala ine sindikuona chifukwa chake ngati mukukwera Ilala, amene ayenera kuopa ndi okwera maboti a matabwa odzaza katundu mpaka m'milomo aja, amenewo ndiye musayerekeze ngakhale atakuuzani kuti ndi otchipa komanso afika msanga. Pa sitima khalani chapakati, musadye zamafuta, tengani madzi akumwa ndi ndimu. Ndandanda ya sitima imasinthasintha ndiye imbani ku Monkey Bay mufunse kaye musananyamuke ndi katundu.

Mwera ukatha si ndiye kuti nyanja yagona mpaka kalekale ayi. Kukayamba kutentha kwenikweni cha mu Okutobala ndi Novembala kumabwera mpoto, imeneyo imachokera kumpoto ndipo imadzidzimutsa, m'mawa nyanja ili phee masana yatembenuka. Ndiye inuyo amayi ngati mukufuna kukhalako masabata angapo, bwererani Sepitembala asanathe. Komanso mukaona chinthu chakuda chikufuka pakati pa nyanja ngati moto wabuka pamadzi musachite mantha, ndi nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'madzi. Mphepo ikatikankhira kumtunda muzitseka mawindo ndi kuzimitsa nyali, khandalo muliphimbe kumaso ndi kansalu kopyapyala. Anthu akumeneko amatikola ndi malichero nkuumba ndiwo, mwana wanu akadzalawa adzakuuzani yekha.

Che Mdala wa ku Makawa:
Achimwene, inu mwazolowera, mumagona pa matumba a usipa sitima ikuvina. Awa ndi amayi oopa madzi ndiponso ali ndi mdzukulu wa miyezi 8. Ine mawu anga ndi omwewo, a zanyengo akachenjeza adikire.

NaPhiri_Mpondasi:
Ndamva zonse, Mulungu akudalitseni. Tinyamuka sabata imodzi sukulu zisanatsegulidwe kuti mphepo ikativuta tikhale ndi mpata wodikira. A Dada, thumba la ufa la makilogalamu 50 amalipiritsa padera pa sitimapo kapena limalowa pa tikiti?